Thandizeni, ana atatu akufunika zovala zoyerekezera mawa lomweli ndipo ndalama palibe

MakeAtatu analemba:

Moni nonse muno. Ndabwera ndi vuto lachangu, musandiseke chonde. Kusukulu kwa ana anga mawa kuli tsiku lija loti mwana aliyense abwere atavala moyerekezera chinachake, kaya nyama, kaya munthu wa ntchito inayake, kaya munthu wotchuka wa m'mbiri, ati chilichonse bola anthu azindikire kuti wavala ngati chani. Kalata yake akuti inaperekedwa sabata yatha koma ine ndaipeza lero masana m'chikwama cha wamkuluyu itakwinyika pansi pa makope, kumufunsa akungoti ndinaiwala amama, basi nkhani yathera pomwepo kwa iyeyo. Pano ndi 4 koloko madzulo ndipo mawa 7 koloko akuyenera kukhala atanyamuka. Ana ndi atatu, mtsikana wa zaka 10, mnyamata wa zaka 7 ndi kamzime ka zaka 4. Ati makolo amene angathe abwerenso atavala chifukwa kuli kujambula mabanja, zimenezo ndiye ndangoseka ine.

Zogula muiwaliretu, mwezi uno watipana. Zomwe ndili nazo m'nyumba ndi makatoni awiri, imodzi yaikulu ina yaing'ono, selotepi, sizasi, nyuzipepala zakale, makrayoni a ana, penti yamadzi yotsala yomwe ankajambulira, zovala zakale mulu ndithu, ndi shiti yoyera imodzi yong'ambika pakona. Singano ndi ulusi zilipo koma kusoka kwanga kumathera pa mabatani. Mnyamatayu akuti akufuna kukhala loboti, wamng'onoyu gulugufe ndipo wayamba kale kulira kuti mapiko ake ali kuti, wamkuluyu akuti chilichonse bola anzake asamuseke, amene anabisa kalatayo ndi yemweyo koma ndi amene akuvutanso kwambiri. Ndiyambire pati abale?


Bambo_wa_mapasa anayankha:

Kkkkk mayi, choyamba mufunsitseni mwanayo kuti loboti yake iti. Ine zinandionekera. Mapasa anga anati adadi tikufuna tikhale maloboti, ine osafunsa zambiri ndinatenga matisheti akuda awiri ndikudula timapepala tozungulira titatu titatu, chofiira pamwamba, chachikasu pakati, chobiriwira pansi, ndikumata bwinobwino usiku wonse ndikudzitama kuti bambo ndine. Kudzuka m'mawa ana kuona zimenezo kulira kwake, ati ife timanena loboti yoyenda ija ya pa TV osati maloboti a pamsewu. Anapita choncho chifukwa nthawi inali itatha, ndipo chodabwitsa aliyense anazindikira msanga kuti avala chani kuposa ana ena amene makolo awo anavutika kwambiri, ndiye mukasowa pogwira imeneyonso ilipo ndipo siitenga mphindi 15.

Chaka chinacho ndinapanga loboti yeniyeniyo. Tengani katoni yaing'onoyo osati yaikulu, muitembenuze kukamwa kwake kuloze pansi, pamwamba muboole pamene padutse mutu, m'mbali muboole ma mikono ndipo mabowo a mikonowo akhale aakulu kuposa mmene mukuganizira chifukwa katoni imapala m'khwapa, mphepete mwa mabowo onse muzungulize selotepi. Chinthu chimene ndinalakwitsa ine ndipo inu musachite, katoni isapitirire m'chiuno. Yanga inafika m'mawondo, mwana analephera kukhala pa mpando, analephera kukwera masitepe, ndipo za kuchimbudzi ndisanene, anachita kumuvula aphunzitsi. Ikalekeza pamchombo amakhala pansi bwinobwino. Ngati muli ndi foyilo ija yonyezimira yokutira zakudya kutani katoniyo, ngati mulibe matani mapepala oyera basi, kenako zitsekerero za mabotolo zitatu kapena zinayi pachifuwa ngati mabatani, CD yakale imodzi ngati ilipo, ndikujambula tiziwerengero ndi kamuvi. Mutu musauike m'katoni ina, amatenthedwa ndipo saona m'mbali, kachipewa kokutidwa ndi pepala lomwelo ndi kokwana.

Katoni ikakhala yofanana mbali zonse palinso zina zosavuta kuposa loboti. Dayisi ija ya ludo, mumata mapepala oyera ndikujambula madontho akuda, kungoti mbali zoyang'anana madontho ake aziphatikizana kukhala 7, ndiye kutsogolo mukaika 1 kumbuyo 6, kumanja 2 kumanzere 5, mwana wochenjera adzakufunsani zimenezo mukalakwitsa. Kapena Rubik's cube, kabokosi koseweretsa kaja kotembenuza kuti mitundu ifanane, mbali iliyonse timabokosi 9, mitundu yake ndi 6, koma imeneyi imadya penti ndi nthawi, ya usiku umodzi ndi ana atatu ndiye ayi.


TelalaWapakhonde anayankha:

Asisi khazikani mtima pansi, ine ndimasoka ndipo ndikukuuzani kuti singano simuigwira nkomwe usiku uno. Anthu amalakwitsa poyamba ndi kuganiza chinthu chachikulu kenako nkumafunafuna zipangizo, inu tsegulani kaye muli zovalamo muone mtundu umene mwana aliyense ali nawo kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Amene ali ndi tisheti yakuda ndi thalauza yakuda wathana nazo kale, akhoza kukhala mphaka, kangaude, mleme, chigoba cha mafupa. Chovalacho ndi maziko chabe, chimene chimauza anthu kuti uyu ndi ndani ndi kanthu kamodzi kapena kawiri mwaonjezerapo, makutu ndi mchira, kapena mapiko, basi. Mukamaonjeza zambiri mpamene zimayamba kugwa panjira.

Gulugufe wa kamwanako mupange chonchi. Phwasulani katoni yaikuluyo mupeze mbali imodzi yathyathyathya, ipindeni pakati, mujambule phiko limodzi lokha moyambira pa mpindiropo ngati chilembo B chachikulu, mudule mbali ziwirizo pamodzi, mukatambasula mapiko afanana okha popanda kuyeza. Kukula kwake asapitirire mmene mwanayo amatambasulira mikono mpaka m'zigongono, akakula kwambiri sadutsa pakhomo ndipo amamenya anzake m'maso akamatembenuka. Pa penti pali kanjira kabwino, mumatepo kaye pepala loyera, mudonthezere penti phiko limodzi lokha madontho akuluakulu a mitundu yosiyana, mupinde ndikupsinja ndi dzanja, mukatsegula maluwa ake aoneka ofanana uku ndi uku ngati gulugufe weniweni, ndipo mwanayo akhoza kuchita yekha zimenezo ndiye kulira kuja kutha. Muyambe ndi imeneyi kuti iume usiku. Povalira, boolani timabowo tinayi pakati, awiri m'mwamba awiri m'munsi, mulowetse lasitiki kapena mudule kansalu kuchokera ku tisheti yakale chifukwa nsalu ya tisheti imatamuka, mupange zingwe ziwiri zolowetsa mapewa ngati chikwama cha kumsana. Pa timabowopo matanipo selotepi kaye musanaboole, apo ayi katoni imang'ambika nthawi ya buleki isanakwane. Tinyanga ta kumutu dulani kapepala kolimba mumate pa chibande cha tsitsi, waya ayi kwa mwana wa zaka 4.

Ndionjezeko zina mwina ena akuwerenga ali pa vuto lomweli. Kangaude amandisangalatsa chifukwa masamu ake amakwana okha, ali ndi miyendo 8, mwana ali kale ndi mikono iwiri ndi miyendo iwiri, ndiye mukufunika inayi yokha. Masokosi akuda aataliatali anayi, kapena mataiti akale awiri mudule, muzaze nyuzipepala zofinya, mumangirire m'mbali mwa tisheti awiri uku awiri uku, kenako kaulusi kolumikiza kuchoka pa dzanja la mwana kupita pa sokosi yoyamba ndi yachiwiri, akakweza mkono miyendo yonse imakwera nawo, ana anzake amachita kukuwa. Njuchi ndi tisheti yachikasu ndi mizere ya tepi yakuda ija ya magetsi. Mleme ndi ambulera yakuda yothyoka, muchotse mawaya onse onse osasiyako nkamodzi komwe, nsaluyo muidule pakati, theka lililonse muligwirize ndi maphini kuyambira pa dzanja mpaka m'mbali mwa tisheti, mphepete mwake muli kale mokhotakhota ngati mapiko a mleme.

Maphini ndikunena aja otsekeka, ndipo muzibayira kunja kwa chovala. Mukagwiritsa stepula mbali yosalala ndiyo iyang'ane kuthupi, yopindikayo kunja ndikumatapo selotepi. Ndipo wina asakunamizeni zopanga chigoba cha kumaso ndi nyuzipepala zoviika m'phala la fulawa, ndi zabwino inde koma zimafuna tsiku lathunthu kapena kuposa kuti ziume, mukapanga usiku uno mawa mwana avala chinthu chonyowa chonunkha.


Aphunzitsi_opuma anayankha:

Mwana wanga, ine ndilankhulepo za wamkuluyo chifukwa enawo anzanga akuthandizani kale. Msinkhu umenewo manyazi amakhala atayamba, mukamuveka makutu a kalulu akakuvulirani pageti nkuika m'chikwama, ndinkaziona chaka ndi chaka. Amene amawasangalatsa ndi zovala zooneka ngati za munthu wamkulu, zoti akhozanso kukhala nazo m'kalasi osaoneka chidole, ndiye munthu wa m'mbiri ndi amene angamuyenere, ndipo ambiri mwa amenewa safuna chilichonse chodula.

Marie Curie, diresi lakuda kapena siketi yaitali yakuda ndi bulauzi, tsitsi kulimanga kumbuyo, m'manja kabotolo koonekera kokhala ndi madzi othira penti pang'ono. Mayi ameneyu analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 pa fizikisi ndi mu 1911 pa kemisitiri, ndiye mudule timendulo tiwiri ta katoni mumupachike pachifuwa ndi phini. Wangari Maathai wa ku Kenya ndiye wosavuta kuposa onse, diresi lowala, duku, ndi kamtengo kakang'ono kobzala m'kachitini, analandira Nobel ya mtendere mu 2004 ndipo amadziwika ndi ntchito yolimbikitsa amayi kubzala mitengo. Florence Nightingale, siketi yaitali, epuloni yoyera yodula ku shiti yanu ija, kansalu koyera kumutu ndi nyali yosayatsa m'manja, ankasamalira asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Crimea kuyambira 1854 ndipo tsiku lake lobadwa, 12 May, ndi limene dziko lonse lapansi limakumbukira anamwino. Ngati ndi mtsikana wosakonda madiresi, Amelia Earhart, thalauza, jekete, kansalu m'khosi kokoleka mkati mwa jekete ndi magalasi osambira nawo atakwezedwa pachipumi, anali mkazi woyamba kuwoloka nyanja ya Atlantic pa ndege ali yekha mu 1932.

Koma nali langizo langa lenileni. Chovala cha mtundu umenewu sichidzinena chokha, mtsikana wa diresi lakuda ndi mtsikana wa diresi lakuda basi mpaka atatsegula pakamwa. Mulembereni dzinalo pa kakhadi mumupachike, ndipo mumuphunzitse ziganizo ziwiri zokha zoti anene akafunsidwa, ndine uje, ndinachita chakuti m'chaka chakuti. Ine pa zaka zonse zimene ndinaima kutsogolo kwa kalasi ana amene ndimawakumbukira mpaka lero si amene anavala zogula zonyezimira, ambiri a iwo ukawafunsa wavala ngati ndani ankangoyang'ana amayi awo. Ndimakumbukira kamnyamata kamene kanabwera ndi shati yoyera ya bambo ake yofika m'mawondo, tsitsi atalithira ufa, ndevu za thonje pamlomo, kapepala kolembedwa E=mc² ndipo nditakafunsa kanangotulutsa lilime ngati chithunzi chija cha wasayansi Albert Einstein cha mu 1951, holo yonse inagwa nacho chiseko.

Shiti yanuyo ikatsala, mnyamata angathenso kukhala mtembo wokulungidwa wa ku Igupto, ngati wa mfumu Tutankhamun amene manda ake anapezeka mu 1922. Muing'ambe timizere, mumukulunge pamwamba pa zovala zoyera, kumunsi padera kumtunda padera kuti athe kupita kuchimbudzi. Musayese ndi pepala la kuchimbudzi, ndinaona ana ambiri akufika atakulungidwa bwino nkumabwerera kunyumba atangotsala ndi kachidutswa pa bondo, pabwalo ponse pali mbuu ndipo osesa tinali ife.


NamwinoWausiku anayankha:

Zonsezi ndi zabwino koma ndiloleni ndikhale wosokoneza pang'ono, ndi ntchito yanga kkk. Aphunzitsi mundikhululukire, za ufa m'tsitsi ndikutsutsani pang'ono, mwana akatuluka thukuta kapena kukawaza kamvula ufa uja umasanduka phala ndipo kuuchotsa m'tsitsi ndi nkhondo, paudala nayenso si wabwino kuti mwana azipuma fumbi lake. Bola chipewa chosambira nacho kapena sokosi yaikulu yomatapo ulusi woyera. Thonje nalonso muzisamala nalo, limagwira moto msanga kwambiri, ndiye amene mukufuna kupanga nkhosa kapena mtambo pomata thonje thupi lonse mwanayo asayandikire kandulo kapena mbaula, ndipo nyali ya Florence ikhaledi yosayatsa, mukafuna iziwala ikanimo katochi.

Zimene sindifuna kuziona ndi izi. Jumbo kapena pulasitiki ina iliyonse kumutu kwa mwana ayi, ngakhale mutaboola maso, amabanika. Chingwe chomanga mfundo m'khosi ayi, makamaka aja amafuna kansalu kolendewera kumsana ngati ngwazi za m'mafilimu, kakakodwa pa chitseko kapena mnzake akakakoka pothamangitsana ndi ngozi, kagwirizeni pa mapewa a tisheti ndi maphini kapena selotepi kuti kakakokedwa kangothothoka. Wamng'ono wa zaka 4 musamumatire timikanda, mabatani kapena zitsekerero zoti akhoza kuthothola nkuika mkamwa, ndipo timabatire tija tozungulira ngati kandalama ta m'zidole zowala tikhale kutali, mwana akameza timaotcha kummero m'maola ochepa chabe ndipo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo. Mzukwa wa shiti umaoneka wosavuta koma timabowo ta maso timasuntha mwana akangoyenda, ndiye saona ndipo amaponda nsalu nkugwa chafufumimba, ngati mwaumirira iduleni ilekeze pamwamba pa akakolo ndipo mutu utulukire kunja.

Kumaso musalembe ndi maka kapena penti ya pakhoma, kapenanso penti ya ana yojambulira pa pepala ija, siinapangidwire khungu. Pensulo ya nsidze ndi yokwana pa ndevu za mphaka ndi kamphuno, lipisitiki pa masaya, ndipo zimachoka ndi vaselini ndi kansalu. Chilichonse mukufuna kumupaka mawa mumupake kadontho mkati mwa mkono usiku uno, m'mawa muone ngati pafiira kapena pakuyabwa, pakatero musiye.


Wa_mawu_ochepa anayankha:

Za makolo aliyense wazizemba. Inu mayi, popeza muli kale ndi gulugufe, inuyo khalani duwa, diresi lobiriwira ndi timasamba ta pepala tozungulira nkhope tomata pa chibande, kamwanako kazikuzungulirani, chithunzi chatheka. Abambo a m'nyumbamo ngati alipo ndipo ndi amanyazi ngati ine, ovolosi kapena zovala zogwirira ntchito ndi sipanala m'manja, ndi makaniko wa lobotiyo, savala chachilendo chilichonse ndipo sangakane. Kwathu chaka chatha tinangosinthana, ana anavala ngati ife, wina tayi ndi chikwama cha kuntchito wina duku ndi magalasi a mayi ake, ife tinavala zazifupi ndi zikwama za kumsana, sitinadule pepala ngakhale limodzi.


MakeAtatu analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndati ndibwere ndikuuzeni mmene zathera. Tinagona cha m'ma 11 koloko. Ndinayamba ndi mapiko monga munanenera asisi, kamwanako kanadontheza penti yokha ndipo theka lake linathera pa tebulo ndi m'manja koma titatsegula katoni kanakuwa ndi chimwemwe, kanafuna kugona nawo ndinachita kukanyengerera kuti gulugufe amaumitsa kaye mapiko asanauluke. Lasitiki ndinalibe ndiye ndinadula tisheti yakale ya bambo ake, iwo sakudziwa mpaka pano. Loboti ndinafunsa kaye kkkk, ndi yoyenda ija. Foyilo inakwana kutsogolo kokha, kumbuyo ndinamata mapepala a m'kope ndipo iye analembapo yekha kuti OSAGWIRA, MAGETSI. Ndinaidula ilekeze pamchombo, ndinamuuza akhale pa mpando ndi kudzuka katatu ndisanamate komaliza.

Wamkuluyu anakana Marie Curie ati diresi lakuda likuoneka ngati akupita kumaliro, anakana Florence ati epuloni ayi, mpaka ndinatopa ndikumuwerengera yankho la aphunzitsi lonse kuti asankhe yekha, anasankha Amelia Earhart chifukwa cha jekete yanga imene wakhala akuisirira. Magalasi osambira tinalibe, tinadula pansi pa timabotolo tiwiri ta pulasitiki ndikuzunguliza tepi yakuda m'mphepete kuti tisacheke, anatiika pachipumi. Njira yonse amangobwereza 1932, 1932. Ine duwa ndinapangadi koma ndinalivala titafika pakhomo la holo ndipo ndinalivula atangojambula, bambo ake ndiye anagwira sipanala yawo ngati anabadwa nayo.

Phiko limodzi linang'ambika pa bowo la m'munsi pamene ndinaiwala kumata selotepi, kanabwerera kunyumba kakuuluka chopendekeka. Asisi a telala, ndilimate ndi chani kuti lilimbe, poti akuti mawa akufuna apite nawonso ndipo mawa kulibe zimenezo.